Ndinasita Malaya, Mtima Ukudikira

Ine kulemba ndinaphunzira nditakula, ku sukulu ya kwacha, mano ena atatsanzika kale. N'chifukwa chake cholembera changa chimayenda ngati nkhalamba pachitunda: chipite, chipume, chiyang'ane kumwamba, chipitenso. Pakamwa ndiye ayi, pakamwa panga mpaliwiro. Ndikafuna kulemba ndimayamba ndawaimba kaye mawuwo, ndikamva kuti akhala, ndiye ndimawagoneka papepala. Lero ndikugoneka nkhani ya chifuwa cha amuna anga, ndi ya malaya oyera amene ndinasita tsiku losayenera kusita.

Ndiyambe ndi mayi anga, chifukwa simbi ija anandigwiritsa ndi iwo. Mayi anabadwira kuseri kwa phiri la Mulanje, mbali ya ku Mozambiki, ndipo anawoloka ali mtsikana kudzathyola tiyi. Anthu ena a kuno ankawatchula maina, ankati obwera ndi auve. Mawu amenewo anawalowa mayi mpaka m'mafupa. Ndiye ankatiuza ife ana awo kuti, "Umphawi wako auone, koma litsiro lako asalione. Pamaso pa munthu wa boma, pamaso pa dokotala, usakaime uli mbuu. Samba, dzola, sita, kenako ukakhale phee pamzere mpaka akuitane." Lamulo limeneli linatisunga, sindinama ayi. Linandipezetsa ntchito ku Sunnyside, kenako ku Namiwawa m'nyumba za mipanda, kumene ndinachapa ndi kusita mpaka msana unati basi. Kolala yodutsa m'manja mwanga inkaima yokha ngati msilikali.

Amuna anga nawo ndi munthu wa nsalu. Anali telala wa pakhonde la sitolo ku Limbe, makina opalasa ndi mapazi, tepi m'khosi. Makolo awo anachokera mbali yomweyo, lamulo lake lomwelo. Tinkaseka kuti iwo amasoka, ine ndimasita, banja lathu lilibe makwinya.

Tsikulo unali mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba Soche yense, kuno ku Nkolokosa kukuzizira kolowa m'mano. Bambo analawirira kukakumba mbatata pakadimba kathu kuseri kwa nyumba. Ana a sukulu akudutsa mumsewu, ndinamva kuti khasu lasiya kulira. Nditatuluka ndinawapeza atakhala pasitepe, chibakera chili pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Thukuta m'chiperoni!

"Bambo, kwagwanji?"

"Mayi, pano pali ngati andisanjika thumba la simenti. Zikutsikira m'dzanja ili, zikukwera mpaka m'chibwano."

"Ndi nyemba zadzulo zija. Ndinakuuzani ine kuti musawonjezere."

Ndinawasungunulira soda m'kapu poganiza kuti ndi chilungulira. Anamwa, anageya, koma chibakera sichinachoke pachifuwa. Kenako ananena mawu amene ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo chikwatiranireni: "Tiyeni kuchipatala." Munthu amene anadzibaya chala ndi singano ya makina n'kungomanga kansanza, n'kupitiriza kusoka siketi ya eni! Mawu amenewo okha anayenera kundithamangitsa. Koma ine ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi: vesiti yobooka, kabudula wa kudimba, matope mpaka m'mawondo. Ndinamva ngati mayi anga akutsokomola kumanda.

"Tipita, bambo," ndinatero, "koma osati chonchi. Akatiyesa anthu otani?"

Iwo sanatsutse. Anangogwedeza mutu, pakuti nawonso analeredwa chimodzimodzi.

Magetsi anali atathima. Ndinakoleza mbaula, makala ake achinyezi, kupemerera, kupemerera, utsi m'maso. Ndinatereka madzi osamba. Makala ena ndinapalira m'simbi yanga yakale ija ya katambala pamwamba. Ndinayala bulangeti patebulo, n'kutulutsa malaya oyera a kutchalitchi. Ndipo, Mulungu andikhululukire, ndinkaimba. Ine manja akakhala pantchito pakamwa sipakhala chete. Ndinkaimba kanyimbo kanga kositira, kamene ndinapeka ndekha kalekale ku Namiwawa:

Pita simbi, bwera simbi,
makwinya thawani, mwini wafika.

Pita simbi, bwera simbi, kunjaku munthu akupuma wefuwefu.

A neba athu a kuseri kwa mpanda ndi Asilamu, banja lakale pamalo pano, moti makolo awo ndi amene anatilandira ife titangofika. Mwamuna wa pakhomopo amayendetsa takisi. Ndi wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, ndipo amanditcha amayi. Ankapukuta galimoto yake, n'kusuzumira pampanda.

"Amayi, madala akhala bwanji chonchi? Nkhope yawo sikundisangalatsa."

"M'chifuwa, achimwene. Mutiperekeza kuchipatala, eti?"

"Galimoto ndi iyi. Tiyeni pompano."

"Dikirani asambe kaye."

"Asambe? Amayi, kodi tikupita ku ukwati?"

"Inu mumalowa mumzikiti osatsuka mapazi?"

Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. Mwana woleredwa bwino sakalipira mayi wamkulu pakhomo pake. Ulemu wake unandipatsa mpata, ndipo ine mpatawo ndinauthera pamanja a malaya.

Ndinawasambitsa bambo atakhala pampando m'bafa, chifukwa kuima sankatha. Ndinawapukuta, ndinawadzoza mafuta thupi lonse, pachifuwa ndinathira ambiri n'kutikita, kuti mwina ululu ungaope manja anga. Ndinawaveka, batani ndi batani, mpaka la pakhosi. Ndinasaka buku lawo la kuchipatala m'sutikesi. Ndinasintha chitenje, ndinamanga duku. Pamene tinkatuluka, belu la buleki kusukulu kuja linali litalira kale.

A neba sanadikirenso kuti bambo ayende okha. Anawanyamula ngati mwana n'kuwakhazika kumbuyo. "Pepani amayi, malaya akwinyika, koma basi."

M'njira sindinaimbe. Maminibasi ali mbwee, oitanira akukuwa za Limbe, a neba dzanja lili pahutala. Mutu wa bambo unali paphewa panga, milomo yatuwa, dzanja lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndinachita mantha. Komabe, taonani chizolowezi, zala zanga zinkawongola kolala yawo.

Tinafika kuchipatala chachikulu, ku mbali yolandirira odwala mwadzidzidzi. Mabenchi odzaza. Wina wamanga phazi ndi nsanza yamagazi, wina akusanza m'beseni, wina wagona pamiyendo ya mkazi wake. Ine ndinafunsa mwaulemu kuti womaliza ndani, n'kuwakhazika bambo kumapeto kwa mzere, monga anandiphunzitsira mayi. Ndisabise, kamtima kanga kanadzitama pang'ono. M'chipinda chonsecho panalibe wodwala wotchena kuposa wanga.

Panali nesi wina, mayi wa msinkhu wapakati, amene ntchito yake inali kuyenda m'mabenchi, kuyang'ana nkhope ndi kufunsa aliyense chimene chamubweretsa. Sanayang'ane malaya. Anayang'ana chibakera chija ndi thukuta lija.

"Agogo, chavuta n'chiyani?"

Bambo analoza pachifuwa, analoza dzanja, analoza chibwano.

"Zayamba nthawi yanji?"

"M'mawa, ana akupita kusukulu," ndinayankha ine.

Nesi anayang'ana wotchi yake, kenako anandiyang'ana ine. Anangokuwa kuti abweretse njinga ya odwala.

"Asisita," ndinatero, "ife tangofika kumene. Awa onsewa tawapeza."

"Mayi, pano si pachigayo. Kuchigayo ndiko amayamba wobwera msanga. Chifuwa chopweteka chonchi sichikhala pamzere. Tiyeze mtima tsopano lino, pasathe mphindi khumi."

Ndinachita manyazi kudumpha anthu. Koma bambo wa phazi lamagazi uja anakweza dzanja n'kunena kuti, "Pitani nawo, mayi. Phazi langa silithawa, onani, n'lomanga kale." Anthu anaseka, n'kutipatukira.

Anawagoneka pakabedi kuseri kwa katani. Pambali panali makina aang'ono okhala ndi mawaya ambiri ngati mizu ya anyezi. Eni ake amati isiji, makina ojambula kagundidwe ka mtima. Nesi anagwira malaya anga aja, malaya a maola anga aja, n'kukoka. Batani la pakhosi linavuta, ndiye analithothola. Linadumpha, linagubuduka pansi, linakalowa kunsi kwa kabati. Ine ndinati mayo! Nesi sanatembenuke n'komwe.

Anayamba kumata tizigamba tomata pachifuwa, toti alumikizepo mawaya. Amate, kagwe. Amate kena, katsetsereke.

"Ndani wawadzoza mafuta chonchi?"

"Ndine, asisita."

"Iii, mayi inu."

Anatenga thonje ndi sipiriti n'kuyamba kupukuta, kupukuta mafuta anga onse, chikondi changa chonse cha m'mawa uja, n'kutaya m'bini. Kanali kanthawi kochepa, koma kwa ine kanatalika kuposa msewu wa ku Mulanje. Ndinaima pamenepo manja ali lende, ndikuona kuti chilichonse chimene ndinawachitira amuna anga m'mawa umenewo, munthu uyu ayenera kuyamba wachichotsa kuti awathandize.

Tizigamba tinagwira. Mawaya pachifuwa, mawaya m'manja, mawaya m'miyendo. "Agogo, musagwedezeke." Makina analira pang'ono, n'kulavula pepala. Basi. Kuyeza konseko kunatha msanga kuposa mmene ine ndimasitira kolala imodzi. Sanabaye, sanacheke. Kanthu kakang'ono chonchi, ndiko kankatidikira kuyambira m'mawa.

Ine zilembo ndimawerenga movutika, koma papepalapo panalibe zilembo zoti ndivutike nazo. Panali mapiri. Mzere ukuyenda, ukwere Ndirande, utsike, uyende, ukwerenso. Anabwera dokotala wachitsikana, wa msinkhu wa mdzukulu wanga wamkulu. Analandira pepala, analiyang'ana kamodzi, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha ngati kumwamba kukamabwera mvula. Analoza pamene mzere unakwera osafuna kutsika. Kuchokera pamenepo anthu anathamanga. Mapiritsi oti atafune, dripu m'dzanja, kapaipi ka mpweya m'mphuno, jakisoni. Ine ananditulutsa, ndinakakhala pabenchi, a neba ali chiimire pambali panga, chipewa chawo chili m'manja.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinayesa kupemphera, mawu anakana. Ndinayesa kuimba chamumtima, koma nyimbo yokha imene inkabwera inali ya simbi ija, ndipo ndinadana nayo.

Dokotala uja atatuluka anakhala pabenchi pomwepo, pafupi nane.

"Agogo, mtima nawo umadya. Uli ndi timitsempha take toubweretsera magazi. Kamodzi mwa timeneti katsekeka. Mnofu umene kamadyetsa umayamba kufota, ndipo nthawi ikamapita umafa pang'onopang'ono. Umene wafa sudzukanso. N'chifukwa chake timathamangira kujambula, chifukwa ndi maso okha sitingasiyanitse mtima ndi chilungulira. Tawapatsa mankhwala, ululu wayamba kutsika. Koma ndifunse, chinakuchedwetsani n'chiyani? Galimoto?"

Bodza linali pafupi, lokonzakonza, dokotala atandipatsa yekha. Aliyense mu Blantyre muno amachedwa chifukwa cha galimoto. A neba anayang'ana kudenga, ndipo ndinadziwa kuti ndikanama sanditsutsa. Koma lilime linakana.

"Galimoto inalipo, adokotala. Ndinkasita malaya."

Sanaseke. Sanakalipe. Anangonena kuti, "Agogo anga nawonso ndi otero."

"Ndikanabwera nawo m'mawa muja, zikanasiyana?"

"Sindikunamizani, kufulumira kumapulumutsa mnofu wambiri. Kuchuluka kwake sindingakuuzeni. Koma mwafika nawo ali moyo, ndipo tigwira pamenepo. Tsiku lina zikadzachitika, mudzabwere nawo ndi matope omwewo. Matope ife tili nawo madzi ake."

Bambo anakhala m'chipatala masiku angapo, ine ndili pambali pa bedi. Malaya aja ndinawapeza atawapinda mwachisawawa kunsi kwa pilo, ali makwinya okhaokha, akununkha sipiriti. Tsiku lachitatu bambo anapempha tiyi. Tsiku lachinayi anadandaula kuti wawachepera shuga. Nditamva kudandaulako ndinatuluka panja, ndinavula duku, ndinavina pakapinga anthu akundiyang'ana. Wodandaula za shuga ndi wamoyo! Ali moyo, ee, ali moyo, telala wanga ali moyo!

Ali moyo, koma si onse amene anabwerera kunyumba. Kachigawo kena ka mtima kanatsala m'mawa uja. Ku Limbe anasiya kupita. Makina osokera aja tinawabweretsa pakhonde pano, amapalasa pang'ono, n'kupuma. Kachitunda kopita kutchalitchi, kamene kale ankakwera akundinena kuti ndine waulesi, tsopano amaima kawiri. Akaima koyamba, ine mumtima ndimati iyo ndi kolala. Akaima kachiwiri, ndimati awo ndi manja a malaya. Palibe amene anandiweruza, koma kachitunda kameneko kamandiweruza Lamulungu lililonse.

Tsiku lina ndinawauza zimenezi, tili chiimire pachitundapo. Anandiyang'ana akupuma, n'kuseka.

"Mayi, ndikanafa, ndikanafa wotchena. Kumwamba akanandipatsa mpando wakutsogolo."

"Musaseke, bambo."

"Nanga amene ankakweza manja kuti muwaveke ndi ndani? Si ine? Pakamwa ndinali napo. Ndinkaopanso kukaonekera kwa dokotala ndili ndi matope. Simbi ija tinagwira awiri."

Titafika kunyumba anatenga malaya aja n'kusokerera batani lina pakhosi. Anasankha ulusi wofiira, telala wodziwa bwino kuti pamalaya oyera sipayenda ulusi wofiira. Anati, "Awa musadzawasitenso." Tinawapachika pamsomali kuseri kwa chitseko, buku la kuchipatala lili m'thumba mwake pamodzi ndi pepala la mapiri lija. Ndimawachapa, koma simbi siwakhudza. Ndikadutsa pamenepo zala zimandiyabwa. Ndimaziuza kuti khalani pansi, inu.

Ndimayankhulanso ndi mayi anga nthawi zina, ndikamachapa. Ndimati, mayi, lamulo lanu linali labwino. Munalipeka pamene anthu ankakunyozani, ndipo linatiimika pamaso pa anthu mitu ili m'mwamba. Koma munaiwala kutiuza kuti lili ndi tsiku lake lopuma. Kapena simunaiwale, kungoti m'masiku anu kunalibe makina odikira munthu kuseri kwa katani. Sindiwakwiyira. Munthu amapatsa ana ake chida chimene chinamupulumutsa iye.

Ndiye mvula itayamba chaka chomwecho, tsiku lina masana, ndinali pabeseni ndikuchapa, thovu mpaka m'zigongono. Bambo ankadzala chimanga pakadimba kaja, pang'onopang'ono monga anawauzira. Ndinamva, "Mayi." Liwu lake ndinalidziwa. Nditacheuka, dzanja lili pachifuwa.

Sindinafunse za nyemba. Sindinayang'ane mapazi awo. Ndinakuwa pampanda, "Achimwene! Galimoto!" Ndinatsomphola malaya a pamsomali n'kuwaponya paphewa pawo osamanga batani ndi limodzi lomwe. A neba anatuluka akutafuna, anasiya mbale pakhonde. Anandiyang'ana ine, chitenje chonyowa, mutu wopanda duku, phazi lina patapata wanga, phazi lina nsapato ya bambo.

"Amayi, lero ukwati kulibe?"

"Yendetsani, inu!"

Titafika sindinafunse kuti womaliza ndani. Ndinapita molunjika kwa nesi, wina osati woyamba uja, n'kunena mokweza ngati ndikuyambitsa nyimbo ya kwaya: "Chifuwa! Anadwalapo mtima! Pepala lakale ndi ili!" Njinga inabwera. Katani, kabedi, mawaya. Tizigamba tinagwira kamodzi n'kamodzi, pachifuwa chopanda mafuta. Matope a kudimba anadetsa nsalu ya pabedi, ndipo palibe amene anawayang'ana. Makina analavula pepala. Dokotala anaika latsopano pambali pa lakale, anayang'ana uku, anayang'ana uku. Anatenganso magazi, anatisunga maola angapo, anajambulanso kachiwiri.

Kenako anabwera akumwetulira. "Agogo, ulendo uno mtima sunavulale. Zikuoneka kuti ndi chilungulira."

Bambo anachita manyazi. Anayamba kupepesa kuti tavutitsa anthu pachabe, taonongetsa mafuta a galimoto ya eni, taonekera ngati amisala. Dokotala anawadula. "Ayi, mwachita bwino. Kuli bwino tijambule n'kupeza nyemba, kusiyana n'kuti mukhale kunyumba mukuganiza kuti ndi nyemba."

Nyemba! Ulendo uno zinalidi nyemba!

Ndinatuluka pakhomo la chipatala chachikulu cha mumzinda, pamaso pa madokotala, pamaso pa anthu a boma, ndili mbuu, thovu litauma m'manja, nsapato zosiyana. Mwana wa mayi anga, wositira mabwana a ku Namiwawa! Ndinadikira kuti manyazi abwere. Ndinadikira, ndinadikira, sanabwere. M'malo mwake inabwera nyimbo, ya simbi yomwe ija, koma itasintha mawu yokha:

Khala simbi, zizira simbi,
makwinya khalani, mwini ali moyo.

M'galimoto pobwerera, a neba ankaimba hutala motsatira. Bambo anakhala kumbuyo, malaya ali pululu, batani la ulusi wofiira likulendewera, akundiuza kuti ndichepetse mawu, anthu akutiona. Ndinati ationa, bambo, ationa ndithu, ationa tili awiri.